Kapisozi wa m'mawa ndi lilime la mwana wathu

Mwana wa achimwene anga ali ndi zaka 23, ndipo wakhala akuchita chibwibwi chiyambire ali ndi zaka zinayi. Kwathu ku Henga, m'boma la Rumphi, tonse tinazolowera kumudikira. Mawu oyamba ndi "d" kapena "k" ndi amene amamuzunza. Nsagwada zimauma, maso amatsinzina, kenako mawu amatuluka modukizaduka ngati madzi a pamjigo umene wayamba ndi mpweya. Koma mukamumva Lamlungu mu kwaya ya ku tchalitchi simungakhulupirire kuti ndi yemweyo. Nyimbo yonse amaimaliza osapunthwa ngakhale kamodzi.

Chibwibwicho tinakhala nacho mwamtendere mpaka chaka chatha, pamene anamaliza maphunziro a uphunzitsi n'kuuzidwa kuti akaime pamaso pa ana odzaza kalasi. Apo m'pamene kunabwera chinthu china chimene sitinkachidziwa. Tulo tinathawa. M'mawa uliwonse ankatsegula m'mimba asanaike kanthu kukamwa. Foni ikalira ankangoiyang'ana mpaka idule yokha. Kumsika wa pa Bolero analeka kupitako, ankatuma mwana, poopa kukakamira pofunsa mtengo wa tomato anthu ali pamzere kumbuyo kwake. Tsiku lina anapita kuchipatala akudandaula kuti mtima ukuthamanga, akuganiza kuti ndi BP. Anamuyeza, BP inali bwinobwino. Dokotala wake anali munthu wodekha: anamufunsa mafunso ambiri, n'kumuuza kuti chimene chikumudwalitsa ndi nkhawa, ndipo anamulembera fluoxetine, kapisozi mmodzi m'mawa uliwonse.

Kapisozi ameneyo anagawa banja lathu pakati. Mkanganowo unachitika m'Chitumbuka, pakhonde, usiku wa masiku angapo, ndipo ndaubweretsa pano chifukwa ndikudziwa kuti si ife tokha. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 229,000 m'boma la Rumphi. Padziko lonse, munthu mmodzi mwa anthu 100 alionse amachita chibwibwi. Ngati n'chimodzimodzi kuno, ndiye kuti pakati pa Chiweta ndi Hewe pali anthu oposa 2,000 amene mawu amawakakamira pakhosi, ndipo ambiri mwa iwo ndi amuna.

Amene anaima kumbali ya mankhwala ndi mlongo wathu, azakhali ake a mnyamatayo, amene agwira unamwino zaka zambiri. Bambo ake atanena kuti, "Mwana wanga si wamisala," iwo anayankha kuti, "Achimwene, inu mumamwa mapiritsi a BP tsiku lililonse, ndani anakunenani misala? Mtima wa mwanayu ukugunda ngati wa munthu wothamangitsidwa ndi njati, koma njati palibe. Amenewo ndi matenda, ndipo mankhwala ake alipo."

Mfundo yawo ili ndi pogwira. Fluoxetine si mankhwala atsopano ongoyesera anthu. Anavomerezedwa ku America mu 1987, ali pamndandanda wa mankhwala ofunikira wa bungwe la WHO, ndipo kuno kwathu iye ndi amitriptyline ndi amene amapezeka m'zipatala za boma pa matenda a kukhumudwa. Ngakhale amatchedwa mankhwala a kukhumudwa, gulu lake, limene madokotala amalitcha SSRI, limathandizanso pa nkhawa yoopsa. Mu 2014 magazini ya zaumoyo ya Lancet Psychiatry inasindikiza kafukufuku wophatikiza mayeso 101 a anthu oposa 13,000 odwala mantha oopa kuonekera pagulu, ndipo mwa mankhwala onse, a gulu limeneli ndi amene anaonetsa umboni wosagwedezeka kuti amathandiza. Mantha oopa gulu ndi matenda enieni amene mwana wathu anali nawo, ndipo amagwira anthu achibwibwi kawirikawiri kuposa anthu ena.

Koma chimene chinandigwira mtima pa zonena za azakhali akewo si za kafukufuku. Ndi za mtunda. Iwo anati tisamakambe za uphungu ngati tili ku London. Malo odziwika a zaumoyo wa maganizo m'chigawo chathu ndi a St John of God ku Mzuzu, makilomita pafupifupi 70 kuchokera pa Boma, ndipo wochokera ku Katowo kapena kuseri kwa mapiri a Nyika amayamba wavutika kuti afike pa Bomapo. Uphungu wochiza mantha oterewa si wa tsiku limodzi ayi. Umafuna kukumana sabata ndi sabata kwa miyezi itatu kapena inayi. Ndani adzalipira minibasi maulendo onsewo, fodya asanagulitsidwe? Akatswiri ophunzitsa kalankhulidwe nawo ndi ochepa kwambiri m'dziko muno, ndipo ochepawo ali m'mizinda. Kapisozi ndi waulere ku chipatala cha boma, amakwana m'thumba la malaya, ndipo palibe mnansi amene angadziwe. "Munthu akamakokoloka mu Rukuru," anatero, "suyamba kumuphunzitsa kusambira. Umayamba wamuvuula."

Achimwene anga ndi mlimi, sanawerengepo magazini a madokotala, koma funso limene anafunsa ndi limene akatswiri enieni amafunsa. Anati, "Akamwa zimenezi, chibwibwi chitha?" Mlongo wathu anakhala chete kanthawi, kenako anavomera kuti ayi.

Yankho limenelo ndi loona, ndipo aliyense wolandira mankhwalawa ayenera kulimva asanameze kapisozi woyamba. Bungwe la America loona za mankhwala, la FDA, silinavomerezepo mankhwala alionse ochizira chibwibwi. Amene anaonetsako kusintha pang'ono poyesedwa, monga haloperidol, risperidone ndi olanzapine, ndi a gulu lina kotheratu, ochizira misala yeniyeni, amene amachepetsa mphamvu ya dopamine mu ubongo. Amenewo amabwera ndi katundu wolemera: kuuma kwa thupi, kunjenjemera, kunenepa kosalamulirika, kugona masana. Fluoxetine ndi anzake amagwira pa serotonin, njira ina, ndipo mayeso ochepa amene anachitika sanaonetse kuti amamasula lilime. Pali ngakhale malipoti a madokotala onena za odwala ena amene anayamba chibwibwi atangoyamba mankhwala a gulu limeneli, monga sertraline, n'kusiya atawasiya.

Chifukwa chake n'chakuti chibwibwi sichibadwa ndi mantha. Ambiri timaganiza kuti mwana anaopsezedwa ali wakhanda, kapena ndi wamanyazi, kapena anatengera poyerekeza mnzake. Zimene zapezeka n'zakuti gwero lake lili m'mene ubongo umalumikizira mawu oganizidwa ndi minofu ya pakamwa, ndipo kawirikawiri chimayenda m'magazi. Gulu la wasayansi Dennis Drayna linalengeza mu 2010 kuti lapeza kusintha kwa majini m'mabanja achibwibwi a ku Pakistan, ndipo mu 2015 linapezanso jini ina pofufuza banja lalikulu la ku Cameroon, limene anthu ambirimbiri m'mibadwo ingapo ankachita chibwibwi. Ifenso sitinafunike kupita ku Cameroon. Agogo athu aamuna ankachita chibwibwi, ndipo ankaweruza milandu ya m'mudzi ndi chibwibwi chomwecho, anthu ali zii kuwadikira. Chibwibwi ndicho chimayamba, mantha amabwera pambuyo, atabzalidwa ndi kuseka kwa anzako a Sitandade 3, ndi mphunzitsi wokuuza kuti fulumira, ndi wogulitsa amene amakumalizira mawu.

Kenako pali mtengo umene thupi limalipira. Walira mvula walira matope. Fluoxetine sagwira ntchito lero ndi lero; amatenga masabata 4 mpaka 6 kuti munthu aone kusintha kwenikweni, ndipo masiku oyambirira nkhawa ija imatha kukwera m'malo motsika, limodzi ndi nseru, mutu ndi kusowa tulo. Ena amaona kuti chilakolako cha m'banja chazilala, nkhani imene mnyamata sangaitchule kwa namwino wamsinkhu wa amayi ake, ndiye amangosiya mankhwala mwakachetechete. Chachikulu kuposa zonsezi n'chakuti mu 2004 FDA inalamula chenjezo lamphamvu loti mankhwala a kukhumudwa angawonjezere maganizo ofuna kudzipha mwa ana ndi achinyamata, ndipo mu 2007 inalifutukula kuti likhudze onse osakwana zaka 25. Mwana wathu ali m'gulu limenelo. Chenjezolo silikuti asamwe. Likuti amene wayamba kumwa aonedwe pafupipafupi masabata oyambirira. Ndiye taonani: mtunda womwe uja umene mlongo wathu ankati ukutsekereza uphungu, ukutsekerezanso kumwa mankhwala mosamala. Kapisozi ali pafupi, koma womuyang'anira ali kutali.

Tisaiwalenso kuti mankhwala m'zipatala zathu amatha. Aliyense wa ife anauzidwapo pawindo kuti "lero kulibe, kagulani." Mankhwala a nkhawa sasiyidwa mwadzidzidzi; amachepetsedwa pang'onopang'ono. Ndipo fluoxetine akasowa, chimene chimatsala pashelefu kawirikawiri ndi amitriptyline, amene amagonetsa, amaumitsa m'kamwa, ndipo ndi woopsa kwambiri munthu akamwa wochuluka nthawi imodzi. Taganizani mphunzitsi wachibwibwi amene m'kamwa mwake mwauma gwa, akulimbana ndi mawu kuyambira 7 koloko mpaka masana. Diazepam ndiye ndisamutchule n'komwe. Amatonthoza mtima msanga, ndipo msanga womwewo munthu amayamba kulephera kukhala popanda iye.

Kafukufuku wa 2014 uja, amene mlongo wathu akanamugwiritsa ntchito, ali ndi mbali yachiwiri yokomera achimwene. Chithandizo chimene chinapambana zonse si kapisozi ayi, koma uphungu wa munthu payekha wotchedwa CBT, umene umaphunzitsa wodwala kuzindikira maganizo amene amamuopseza, kuwayesa ngati ndi oona, ndi kubwerera pang'onopang'ono kumalo amene ankathawa. Ubwino wake ndi wakuti luso silitha pashelefu. Munthu akasiya mankhwala, mantha amatha kubwerera. Akaphunzira kulowa mumsika mtima uli phaphapha n'kufunsabe mtengo wa tomato, waphunzira.

Pa zonse zimene ndinawerenga masiku amenewo, chimene chinandiunikira kwambiri ndi kafukufuku wochepa wa ku Australia wa Ross Menzies ndi anzake, wa mu 2008. Anatenga akuluakulu achibwibwi, onse n'kuwaphunzitsa kalankhulidwe katsopano, koma theka lokha ndi limene linalandiranso CBT. Kuphunzira kalankhulidwe kunachepetsa chibwibwi koma mantha anatsala. CBT inachotsa mantha koma sinawonjezere kanthu pa kumasuka kwa lilime. Apa m'pamene ndinaona kuti pakhonde paja tinkakangana ngati matenda ndi amodzi, pamene ndi awiri omangidwa chingwe chimodzi. Achimwene ankakamba za lilime. Mlongo wathu ankakamba za mtima.

Za lilime, njira zodziwika zonse ndi zopanda mankhwala. Ina ndi yophunzira kulankhula modekha, kukoka mawu pang'ono, kuyamba liwu mofewa osaliumiriza. Ina ndi ya Charles Van Riper, katswiri wa ku America amene iye mwini ankachita chibwibwi: m'malo mobisa kapena kulimbana nacho, munthu amaphunzira kuchita chibwibwi mosavutikira, osatsinzina, osathawa liwu lovuta, nthawi zina kuchichita dala kuti manyazi athe mphamvu. Mfumu George VI ya ku Britain inathandizidwa ndi Lionel Logue mwa njira za kulankhula ndi kupuma, ndipo chibwibwi chake sichinatheretu. Ndi bwino kunena zimenezi poyera, chifukwa akumbali imeneyi nawonso amatha kulonjeza zopitirira. Munthu wamkulu kawirikawiri sachira n'kukhala ngati sanachitepo chibwibwi. Chimachepa, chimabwerera akatopa, amachigwiranso. Ngakhale kuimba kwa mwana wathu mu kwaya kuli ndi malire ake. N'zodziwika kuti achibwibwi ambiri sapunthwa poimba kapena polankhulira limodzi ndi ena, koma nyimbo ikatha, lilime limabwerera m'malo mwake.

Kwa ana aang'ono ndiye mtsutso palibe, ndipo pano sindilola kunyengerera. Mwa ana 100, pafupifupi asanu amachitako chibwibwi pa msinkhu wina, kawirikawiri pakati pa zaka 2 ndi 5, ndipo ambiri mwa iwo amasiya okha. Malangizo a WHO a mhGAP amaletsa kupereka mankhwala a kukhumudwa kwa ana osakwana zaka 12. Njira imene inayesedwa bwino kwa ana ndi ya Lidcombe, ya ku Sydney, imene mu 2005 inaoneka kuti imathandiza, ndipo amene amaigwira tsiku ndi tsiku ndi makolo kunyumba, motsogozedwa ndi katswiri. Ife aphunzitsi tili ndi mlandu wathu pano. Ndinakhalapo ndi mtsikana wachibwibwi m'kalasi mwanga, ndipo chaka chonse ndinkamudumpha pa nthawi yowerenga mokweza, ndikuganiza kuti ndikumuchitira chifundo. Patapita zaka anandiuza kuti tsiku lililonse ankakonzekera ndime yake usiku, ndipo tsiku lililonse chala changa chinkamupitirira. Ndinamuphunzitsa kuti mawu ake sayenera kudikiridwa. Mantha amene dokotala adzawalembera kapisozi pa zaka 23 amayambira pamenepo.

Nanga mtunda uja? Pano ndikuona kuti mlongo wathu anagonja msanga. Uphungu suyenera kudikira katswiri wa digiri nthawi zonse. Ku Zimbabwe, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench mu 2006 ku Mbare, mu Harare: agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi panja pa chipatala n'kumakambirana ndi odwala matenda amene Ashona amawatcha kufungisisa, kuganiza kwambiri. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2016 m'magazini ya JAMA. Mwa anthu 573, patatha miyezi 6, amene anakhala pabenchi ndipo anali adakali ndi zizindikiro za nkhawa anali pafupifupi 12 pa 100 alionse, pamene mwa amene analandira chithandizo chanthawi zonse anali 48. Njira imeneyi yayesedwanso m'zipatala zina za kuno ku Malawi. Benchi si CBT yonse, ndipo siinapangidwire achibwibwi, koma ikuonetsa kuti munthu wamba wophunzitsidwa bwino angathe kuchita zambiri. Alangizi a zaumoyo tili nawo m'midzi, amayi a umanyano tili nawo, aphunzitsi ochokera ku koleji ya Montfort ku Nguludi tili nawo. Chosowa si anthu.

Ndipo Rumphi si dera lachilendo pa nkhani yochiza maganizo popanda piritsi. Kuno ndi kwawo kwa Vimbuza, gule wamachiritso amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, amene amishoni ankamuletsa koma sanathe. Ndi kwawonso kwa nchimi Chikanga, amene chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 ankakoka anthu ochokera mpaka ku Tanganyika. Agogo aakazi a mnyamatayo anafunsa mosabisa ngati sitingamuimbire ng'oma. Ine sindingalembe kuti Vimbuza amachiza chibwibwi, ndipo ndimaopa mtundu wa kuombeza umene umathera poloza chala wachibale, chifukwa munthu wankhawa ukamuuza kuti walodzedwa wamuthira mafuta pamoto. Koma sindingapeputse chimene agogowo amachidziwa. Usiku wa Vimbuza, mudzi wonse umasiya tulo chifukwa cha vuto la munthu mmodzi. Amaimba, amaomba m'manja, amamulola kunena zimene masana sanganene, ndipo palibe womufulumizitsa. Wachibwibwi moyo wake wonse amafuna chimenechi, ndipo kapisozi alibe.

Ine ndinaima pati? Pa lilime ndili ndi achimwene kwathunthu: asapezeke womwa fluoxetine poyembekezera kuti adzuka akulankhula ngati muulutsi wa pa wailesi, ndipo dokotala wolemba mankhwalawa anene zimenezo momveka. Pa mantha, ndikadakhala ndi mphamvu yosankha, ndikadayamba ndi uphungu kwa pafupifupi aliyense, ndipo kwa munthu amene nkhawa yake imangobwera akaitanidwa kuti apemphere pamaliro kapena alankhule pa ukwati, mankhwala a tsiku ndi tsiku ndi nkhwangwa yophera udzudzu. Koma mwana wathu sanali pamenepo. Sankagona, sankadya, anali atatsala pang'ono kusiya ntchito imene anaivutikira zaka. Munthu wotere kumuuza kuti angolimba mtima ndi nkhanza, ndipo kumuchititsa manyazi chifukwa cha kapisozi ndi nkhanza yoposa. Wothyoka mwendo amayenda ndi ndodo. Ndodo siilumikiza fupa, koma imamufikitsa kumene akupita pamene fupa likulumikizana.

Tinagwirizana, achimwene akung'ung'udza, kuti amwe, koma ndi zinthu zitatu zimene mlongo wathu anazisenza yekha: azimuimbira foni masiku awiri alionse mwezi woyamba ndi kumufunsa mosazungulira za maganizo ake, mankhwala asamadikire kutha asanakatenge ena, ndipo apite ku Mzuzu ngakhale kangapo kokha kuti akaonane ndi phungu. Ndalama za maulendowo tinasonkherana. Sabata yoyamba inali yoipa, ankanjenjemera manja ndipo bambo ake anatsala pang'ono kutaya mapiritsiwo m'chimbudzi. Pofika mwezi wachiwiri anayamba kugona.

Chibwibwi chilipo monga kale. Chimene chinasintha n'chimene phungu uja anamulimbikitsa kuchita tsiku loyamba la teremu. Anaima kutsogolo kwa ana a Sitandade 5 n'kunena kuti, "Ine ndimachita chibwibwi. Mukandidikira, ndimaliza." Akuti pa liwu loti "mukandidikira" anakakamira nthawi yaitali, ana awiri akumbuyo anaseka, ena onse anangoti ndwii kumuyang'ana, ndipo iye anamaliza chiganizo chake n'kutembenukira kubolodi.

Achimwene mpaka lero amati zimenezo akanazichita ngakhale popanda kapisozi. Mlongo wathu amati popanda kapisozi sakanafika n'komwe pakhomo la kalasi. Mwini wake akuti mwezi wamawa akakambirana ndi dokotala za nthawi yoyamba kuchepetsa. Anandiuza zimenezi pa foni, ndipo anaimba ndi iyeyo. Kwathu mng'ono wa bambo ako ndi bambo ako, choncho amanditcha adada, liwu loyipitsitsa pa lilime lake. Ndinamva mpweya ukugunda pa foni, a-d-d-d, ndinaika pansi khasu limene ndinali nalo m'manja, ndipo ndinadikira.